Chilengezo Chachitatu

Lamulo la mpingo wa ku komboni ya mgodi wa Dzimba linali lalifupi. Ukwati uzilengezedwa paguwa masabata atatu otsatizana, ndipo ngati palibe amene waimirira kunena kuti mkwati ali ndi mkazi wina ku Gokwe, abusa amange Loweruka lotsatira. Olipa ankalidziwa lamuloli kuposa zonse zimene anaphunzira mpaka Fomu 4. Kawiri konse Abusa Nehemiya anali atavala magalasi awo, kutsokomola, n'kuwerenga dzina lake pafupi ndi la Shadrick, ndipo kawiri konse mtima wa Olipa unadumpha n'kukafika panja iye ali chikhalire pabenchi. Kunatsala kamodzi kokha.

Nthawi nayo inali yothina. Mgodi unali utatseka, m'masitolo munali mashelefu okhaokha, ndipo Shadrick, amene kale ankakonza mapampu a pansi, anali atapeza ntchito kwa amalume ake ku Francistown, kutsidya kwa malire. Amalumewo ananeneratu kuti lole yawo idzanyamuka Lolemba la sabata ya chisankho ndipo sidzadikira munthu, poti palibe ankadziwa kuti misewu idzakhala yotani mavoti akatha. Malo analipo a anthu awiri. Koma a Foster, bambo ake a Olipa, amene anagwira ntchito pansi pa nthaka zaka makumi atatu mpaka makutu anayamba kugontha, anali ndi mawu amodzi.

"Aikona. Mwana wanga sachoka pakhomo pano ngati katundu wozembetsa. Ndimve ndi makutu angawa akufunsidwa, ayankhe, kenako akwere lole. Apo ayi, mnyamatayo apite yekha."

Lamulungu lachitatu Olipa anafika m'tchalitchi belu lisanalire. Anapeza mipando ya kwaya itachotsedwa, pamalo pake pataikidwa sofa ya kunyumba kwa abusa. Posakhalitsa panja panaima galimoto zitatu. Munatuluka a Komuredi Sande, amene ankafuna mpando wa phungu wa deralo, munthu amene anthu a m'komboni anali asanamuonepo chikhalire kupatula pazithunzi zomata pamitengo yamagetsi. Pambuyo pawo panali wojambula wa nyuzipepala ya ku Gweru.

Abusa Nehemiya analalikira za Mose, ndipo pasanathe mphindi khumi aliyense anali atadziwa kuti Mose wakhala pa sofa. Anaitana a Komuredi kutsogolo, nawasanjika manja. Wojambula anati kuwala sikunakhale bwino, abusa anasanjikanso. Atatha anauza mpingo wonse uimirire, amayi a kumbuyo abwere kutsogolo kuti mabenchi aoneke odzaza. Olipa anayang'anitsitsa kabuku kakuda ka zolengeza kali pakona ya guwa. Sikanatsegulidwe. Pemphero lomaliza linali lakuti matumba a ufa amene a Komuredi alonjeza afike msanga.

Lachiwiri nyuzipepala inafika pa kombi, minibasi ya ku Gweru. Inati Akhristu mazana asanu ndi limodzi a ku Dzimba alonjeza mavoti awo onse pamaso pa Mulungu. A Foster anamuuza Olipa awawerengere kawiri, poti koyamba anaganiza kuti ndi makutu.

"Mazana angati? Tchalitchi chimenechi tinamanga ndife, anthu zana akalowa wina amaima pawindo." Anatulutsa chitupa chawo chachitsulo n'kuchigogoda patebulo, pamene panali liwu lija lachingerezi lonena kuti mwini wake ndi mlendo. "Ndipo mavotiwo tiwatenga kuti? Ine mlendo, amako mlendo, iwe wobadwira pachipatala cha mgodi pompa, mlendo. Abusa omwewo kwawo ndi ku Ntcheu. Talonjeza mbuzi tilibe khola."

Olipa sanaseke. Iye ankangowerenga masiku. Mpata unalipobe: akalengeza Lamulungu likudzalo, ukwati ukhala Loweruka, Lolemba ali pa lole, mutu wake paphewa la Shadrick, mapiri a Shurugwi akutsalira m'mbuyo ngati anthu obayibitsa.

Koma mkati mwa sabata nyuzipepala ina, ya ku Harare, yotuluka kamodzi pasabata, inalemba kuti m'busa wa ku Dzimba wagulitsa nkhosa zake ndi ufa, ndipo nkhosazo zinalira misozi. Mtolankhani wake sanaponde ku Dzimba, ndipo palibe analira, koma Abusa Nehemiya anakwera paguwa Lamulungu ndi nyuzipepala ziwiri m'malo mwa Baibulo. Ina anaikweza ndi dzanja lamanja, ina anaipanira ndi zala ziwiri zakumanzere ngati khoswe wakufa.

"Abale, iyi ndi ya Satana. Koma iyi," anagwedeza ya ku Gweru, "iyi siinama. Ndikunena ndili paguwa. Chimene yalemba iyi, mwana wa Mulungu asatsutse."

Anawerenga nkhani ya mavoti yonse, kumasulira m'Chichewa, kenako m'Chishona chifukwa cha anyamata a chipani amene anakhala kumbuyo atapinda manja. Kabuku kakuda kanagwira ntchito yopsinja nyuzipepala kuti mphepo isaiulutse.

Mapemphero atatha Olipa sanadikire ankhoswe kapena mkulu wa mpingo. Anawatsatira abusa mpaka m'kachipinda kovalira, nagwada pakhomo.

"Abusa, pepani, chilengezo changa chachitatu chija."

"Aa, Olipa mwana wanga. Zoona, zoona." Anavula mkanjo n'kuukoloweka pamsomali. "Koma taona, lamulo likuti masabata atatu otsatizana. Apa pakati padumpha. Tiyambiranso poyamba chisankho chikatha."

"Koma Abusa, amene anadumpha si ine."

"Lamulo siliyang'ana amene wadumpha. Ukwati si kombi, mwana wanga, suthamangiridwa. Dziko lili pankhondo yauzimu, iwe ukuganiza za keke?"

Keke panalibe, ufa wa tirigu unali utasowa chaka chatha. Olipa anadzuka n'kutuluka. Anapeza Shadrick akumudikira pansi pa mtengo wa jakaranda, manja m'matumba.

"Ndiye basi," anatero Shadrick atamva. "Ndipita, ndikakhazikika ndidzakutenga pa Khirisimasi."

"Khirisimasi! Mkulu wako ananenanso Khirisimasi, pano mkazi wake akulera ana ndi chithunzi. Iwe ukuganiza kuti ku Francistown kulibe atsikana?"

"Nanga nditani, sha? Ndiwamenye abusa?"

"Ungawamenye iwe? Pampu yokha ndi imene umaikalipira."

Lachiwiri m'mawa Olipa anakwera kombi ya ku Gweru, atauza amayi ake kuti akukasaka ulusi woyera. Njira yonse ankabwereza mawu a abusa aja: chimene yalemba iyi, mwana wa Mulungu asatsutse. Ku nyuzipepala imeneyo kunali Ropafadzo, mtsikana wa ku Mambo amene anali patsogolo pake ndi zaka ziwiri kusukulu, ndipo ankagona bedi loyandikana ndi lake. Anamupeza mu ofesi yopanda magetsi, nsapato atavula, akulemba pamakina akale a taipi.

"Hesi, Olipa! Wabwera kudzafuna ntchito? Thawa, shamwari mnzanga. Akufuna nkhani zitatu patsiku za a Komuredi, galimoto ilibe mafuta, foni siigwira. Dzulo ndalemba za msonkhano wa ku Gokwe ndili pampando uno."

"Nanga ukalakwitsa?"

"Kulakwitsa chiyani? Anthu amakhala zikwizikwi, amayi amalulutira, a Komuredi amalonjeza. Chimasintha ndi dzina la malo."

Olipa anakoka mpando. "Ndakubweretsera nkhani. Loweruka lino Abusa Nehemiya amanga ukwati wothokoza Mulungu chifukwa cha chipambano cha a Komuredi Sande chimene chikubwera. Mlendo wolemekezeka ndi a Komuredi omwewo."

Ropafadzo anasiya kutaipa. "Abusa akudziwa?"

"Adziwa akawerenga."

"A Komuredi?"

"Nawonso amawerenga, si choncho?"

Ropafadzo anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenako anazula pepala linali m'makina n'kulowetsa lina. "Mkwati dzina lake ndani? Ndipo iwe, ukudziwa kuti ukaitana anthu amenewa pakhomo sabwera okha?"

"Abwere ndi agalu awo omwe. Ine ndikufuna Loweruka."

Nkhaniyo inatuluka Lachinayi, tsamba lachitatu. Dzuwa lisanafike pamutu Abusa Nehemiya anali pakhomo la a Foster, thukuta lili kamukamu, nyuzipepala m'khwapa. Olipa anamvetsera ali kuseri kwa chitseko. Ankayembekeza ukali, koma abusa analankhula ngati munthu wolandira masomphenya.

"A Foster, Mzimu unandiyankhula za ana awa, ndipo taonani, mpaka ku Gweru amva. Timanga Loweruka."

"Nanga chilengezo chachitatu?" anafunsa a Foster, dzanja kukhutu.

"Chalengezedwa m'chigawo chonse cha Midlands. Pali guwa lalikulu kuposa pamenepo?"

Olipa analuma chala kuti asakuwe. Anathamanga kukabwereka diresi yoyera kwa Mayi Lois a kwaya, imene inali itakwatitsa kale atsikana asanu ndi awiri a m'komboni, naichepetsa m'chiuno ndi ulusi umene sanagule ku Gweru.

Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo, monga momwe iye ankalotera. Pofika 9 koloko anali ataima pakhomo la tchalitchi, maluwa a bogenivila m'manja. Apo ndi pamene anafika amayi a chipani, anthu osawadziwa, ndi mtolo wa nsalu zija kuno amati zambiya. Mmodzi wonenepa anamuzungulira Olipa kamodzi.

"Muroora, mkwatibwi iwe, zoyera zokhazokha ngati uli kuchipatala? Kweza manja."

Anamukulunga zambiya pamwamba pa diresi, nkhope ya a Komuredi ina pamimba, ina kumbuyo pokhalira. Shadrick anamuveka sikipa ya chipani pamwamba pa jekete, taye n'kutulukira pakhosi ngati lilime. Olipa anadziuza kuti palibe kanthu. Nsalu imavulidwa.

A Komuredi anafika 2 koloko. Wojambula anati ayambe ndi zithunzi chifukwa galimoto ibwerera msanga. Anaimika Olipa pakati, a Komuredi anagwira dzanja lake n'kukweza mphete m'mwamba, Shadrick anauzidwa asunthe pang'ono, asunthenso, asunthenso pang'ono. Kenako onse analowa. Akwati anaima kutsogolo kwa guwa, Abusa Nehemiya anatsegula buku la maukwati, nati asanayambe apempherere kaye mlendo. Pempherolo linadutsa ku Eden, linaoloka Nyanja Yofiira, linazungulira Yeriko kasanu ndi kawiri. Litatha a Komuredi anapemphedwa mawu awiri. Anati ukwati ndi chipani, mwamuna ndi mtsogoleri, ndipo mkazi wosiya mwamuna wake chifukwa choti m'nyumba mwasowa mchere ndi wogulitsa dziko. Amayi analulutira. Mapazi a Olipa anatupa m'nsapato za Mayi Lois.

Abusa anatsokomola n'kuyang'ana akwati. "Okondedwa, tasonkhana pano..."

Panja panalira hutala ya lole. Wina pawindo anakuwa, "Ufa! Ufa wabwera!"

Olipa sanaonepo tchalitchi chikukhuthuka chotero. Mabenchi anagwa. Kwaya inatulukira pakhomo la m'mbali, akulu a mpingo patsogolo. Amayi ake enieni anamugwira mkono podutsa, nati, "Ima pompo, mwanawe, ndikubwera," n'kuthamanga chipewa chili m'manja. Iye sanawadandaule, kunyumba anali atatha masiku anayi akudya maungu. Abusa anatseka buku, nati ayenera kukaonetsetsa kuti nkhosa zisapondane. Pawindo Olipa anawaona ataima pamwamba pa lole, akuloza amene alandire ndi amene adikire. Patapita kanthawi anawaonanso akulowa m'galimoto ya a Komuredi, mpando wakutsogolo, poti kunali msonkhano wina ku Shurugwi wofunika pemphero.

M'tchalitchi munatsala anthu atatu. Akwati ali chiimire, ndi a Foster pabenchi loyamba, chipewa pabondo.

"Afunsa?" anatero a Foster. "Mwina ndi makutu angawa."

"Sanafunse, ababa."

"Ndimayesa."

Olipa anamasula zambiya, naipinda bwinobwino, naikhalira pansi pa guwa n'kulira mpaka maluwa anathothoka. Shadrick anakhala pambali pake osadziwa poika manja.

Lamulungu m'mawa kombi yoyamba inabweretsa nyuzipepala. Nkhani inali patsamba loyamba. Ropafadzo anali ataitaipa Lachisanu, ndipo anaikamo mtima wake wonse, ngati mphatso. Inati mkwatibwi anayankha ndi mawu onjenjemera, mkwati anagwetsa msozi pomuveka mphete, nkhunda ziwiri zoyera zinauluka padenga, ndipo anthu chikwi anaimba mpaka dzuwa kulowa. Olipa anaiwerenga katatu. Unali ukwati wokongola kwambiri, ndipo anachita nsanje ndi mtsikana amene anakwatiwa mmenemo. Pachithunzi panali iye ndi a Komuredi. Kwa Shadrick kunatsala khutu ndi phewa.

Abusa anaiwerenga yonse paguwa, mpingo wokhuta unayankha amen. Atatuluka, a Foster anagwira Olipa ndi Shadrick n'kulowa nawo m'kachipinda kovalira osagogoda.

"Abusa, dzulo ana awa simunawamange."

Abusa Nehemiya anavula magalasi pang'onopang'ono. "Mukuti bwanji, a Foster?"

"Ndikuti simunawafunse kanthu. Ndinali pabenchi loyamba."

"Ndiye mukunena kuti nyuzipepala yanama?" Abusa anayang'ana pawindo lotsegula. Panja, pansi pa jakaranda, anyamata a chipani ankasenda nzimbe. "Nenani mokweza, achimwene, makutu anga nawonso akukalamba. Yanama?"

A Foster anayang'ana pawindo, anayang'ana mwana wawo.

"Mwaona," anatero abusa mofatsa. Anatsegula kabati, natulutsa setifiketi, nalemba tsiku la dzulo, nadinda. "Sainani apa. Mboni asaina akulu a mpingo, onse anaona."

Olipa anasaina. Kenako anagwada. "Abusa, tili pompano tonse. Ingotifunsani. Mphindi ziwiri zokha, ababa amve."

"Mwana wanga," abusa anamusisita pamutu, "ukwati sumangidwa kawiri. Limenelo ndi lamulo la mpingo."

A Foster anabwerera kunyumba. Setifiketi anaiika pansi pa wailesi, nakhala pakhonde kuyang'ana mulu wa dothi la mgodi. Olipa analongedza chikwama, nachimasula, nalongedzanso. Atafunsa amayi ake, iwo anangoti, "Bambo ako ukuwadziwa. Pepala kwa iwo ndi loyatsira moto."

Lolemba m'mawa lole ya amalume inaima pamsewu wa kunsi kwa komboni, itasenza matumba a mtedza, injini ikulira. Shadrick anali ataponya kale chikwama chake pamwamba, ndipo anaima pafupi ndi tayala akukumba pansi ndi nsapato. Olipa anatsika ndi chikwama chake pamutu, a Foster pambuyo pake, atavala jekete ya kutchalitchi ndi mabutsu a mumgodi. Njira yonse sananene ngati akumuperekeza kapena akukamubweza.

"Tiyeni, tiyeni, dzuwa likukwera!" anakuwa amalume pawindo.

"Zimitsa chinthucho," anatero a Foster.

"Madala, ndikazimitsa mukankha ndinu."

"Ndikankha. Zimitsa, ndimve."

Injini inazima. Amayi awiri ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anatembenuka. A Foster anavula chipewa, nachipatsa Olipa kuti agwire, kenako anachilandanso poona kuti akufuna manja ake. Anatenga dzanja la mwana wawo n'kuliika m'dzanja la Shadrick mwamphamvu, ngati akulumikiza mapaipi.

"Ine mawu a m'buku sindiwadziwa," anatero. "Wena, Shadrick. Mwana uyu ndi wa mkamwa, sadziwa kudikira, ndiwo amapsereza. Ukumufuna choncho?"

"Ndikumufuna, ababa."

"Kweza mawu, uli pansi pa mgodi?"

"Ndikumufuna!"

"Mushe, zili bwino. Ukadzamusiya kumeneko ndidzabwera wapansi. Tsopano iwe, Olipa. Mnyamata uyu alibe nyumba, alibe..."

"Inde, ababa!"

"Ndisanamalize?"

"Malizani, koma ndi inde."

A Foster anapukusa mutu. Anayang'ana amayi a tomato aja. "Inu mwamva?"

"Tamva, sekuru!" anayankha mmodzi, mnzake n'kuyamba nthungululu yaing'ono, yosamala, yoti isamveke kukomboni.

"Basi. Kwerani."

Shadrick anamukweza Olipa pamwamba pa matumba. Amalume anapotokola kiyi, lole inangoti kho, kho, n'kukhala chete. A Foster anavula jekete, naipinda, naiika pamwala. Anatsamiza phewa kumbuyo kwa lole, amayi a tomato anabwera mbali zonse ziwiri, Shadrick analumphanso pansi, ndipo onse anakankha kulowera kumtsetse. Olipa, ali yekha pamwamba, tsitsi lili m'mphepo, ankakuwa kuti akankhe mwamsanga.